Swami Vivekananda: Mmonke Amene Anaphunzitsidwa ndi Njala

M'chaka cha 1884, mumzinda wa Calcutta umene lero ukutchedwa Kolkata, mnyamata wina wa zaka 21 ankazungulira m'maofesi kufunafuna ntchito, makalata ali m'manja, kumapazi kulibe nsapato. Dzina lake linali Narendranath Datta, koma kwawo ankangoti Naren. Moyo wotero sanakule nawo. Bambo ake, a Vishwanath Datta, anali loya wodziwika ku Khoti Lalikulu la Calcutta, munthu wopatsa amene pakhomo pawo sipankatha alendo ndi achibale odzadya nawo. Atamwalira mwadzidzidzi chaka chimenecho, m'pamene zinaululika kuti asiya ngongole zokhazokha. Ena mwa achibale aja anatembenuka n'kuyamba kulimbirana nyumba m'makhoti, ndipo banja lonse linagwera pamapewa a Naren, mwana wamwamuna wamkulu. Masiku ena akadzuka n'kuona kuti mpunga wotsala sukwanira onse, ankauza mayi ake, a Bhuvaneshwari Devi, kuti anzake amuitanira chakudya kwina. Akatero ankatuluka n'kukaswera ndi njala, kuti azing'ono ake adye.

Mnyamata ameneyu ndiye anadzakhala Swami Vivekananda, mmodzi mwa Ahindu oyamba kumveka kwambiri ku America ndi ku Ulaya. Ambiri akamasimba za iye amathamangira ku Chicago, kumene anaomberedwa m'manja mu 1893. Koma wofuna kumvetsa zimene ankaphunzitsa ayambire pa njala ya 1884, chifukwa sinamuchoke m'maganizo mpaka imfa yake.

Anabadwa pa 12 Januwale 1863, nthawi imene Calcutta linali likulu la ulamuliro wa Angerezi ku India. Anali mwana wamutu, wodziwa kuimba, wokonda masewera olimbana, komanso wosalola kugonja pa mtsutso. Ku koleji ya amishoni a ku Scotland yotchedwa General Assembly's Institution anawerenga David Hume, John Stuart Mill, Herbert Spencer ndi Charles Darwin, ndipo mabuku amenewa anamusiya akukayikira pafupifupi chilichonse chimene anaphunzitsidwa ali mwana. Analowa gulu la Brahmo Samaj, limene linkakana kupembedza kudzera m'mafano n'kumaphunzitsa za Mulungu mmodzi wopanda maonekedwe. Komabe mtima wake sunakhazikike. Ankapita kwa akuluakulu achipembedzo ndi funso limodzi lokha: kodi iwo eni anamuonapo Mulungu? Mayankho ankakhala ozungulira.

Amene anamuyankha mosazemba anali munthu yemwe ophunzira a ku koleji sakanamuwerengera n'komwe. Ramakrishna, wobadwa mu 1836 m'mudzi wa Kamarpukur, anali wansembe pa kachisi wa Kali, mulungu wamkazi, ku Dakshineswar m'mbali mwa mtsinje wa Hooghly. Sukulu sanapite nayo patali, ankayankhula Chibengali chakumudzi, ndipo nthawi zambiri ankangouma thupi mkati mwa nyimbo kapena pemphero, osadziwanso zimene zikuchitika pafupi naye. Awiriwa anakumana cha kumapeto kwa 1881. Naren atafunsa funso lake lija, Ramakrishna anayankha kuti amamuona Mulungu monga mmene akumuonera iyeyo, mwinanso kuposa apo, ndipo aliyense womufunitsitsa angamuone. Naren anabwerera kunyumba akuganiza kuti mkuluyo mutu wake suli bwino. Koma anapitakonso, n'kupitakonso.

Sanagonje msanga. Kwa zaka zingapo ankatsutsa mphunzitsi wakeyo pamaso pa anthu, kumuuza kuti masomphenya akewo mwina ndi zongochokera m'mutu. Ophunzira anzake amasimba kuti atamva zoti Ramakrishna sangakhudze ndalama, tsiku lina anabisa khobidi kunsi kwa chofunda cha pabedi pake. Mkuluyo atangokhala pabedipo anadzambatuka ndi ululu, ndipo atafufuza anapeza khobidi lija. Sanakwiye. Anati wophunzira ayenera kuyesa mphunzitsi wake asanamukhulupirire. Khalidwe losalandira chinthu chifukwa choti wanena ndi wamkulu Naren analisunga moyo wake wonse, ndipo anadzalilimbikitsa kwa omutsatira.

Mavuto a 1884 atafika pakhosi, anapempha Ramakrishna kuti apempherere banja lake kwa Kali. Mkuluyo anamuuza kuti akapemphe yekha. Katatu konse usiku umenewo Naren analowa m'kachisi kuti akapemphe ndalama, ndipo katatu konse anatuluka atapempha nzeru, chikondi cha pa Mulungu ndi mtima wosamamatira za dziko. Za ndalama zinamukanika kutchula. Pamapeto pake Ramakrishna anangomulonjeza kuti a kwawo sadzasowa chakudya ndi chovala wamba.

Nthawi yomweyo anamvanso mawu ena amene anadzasanduka maziko a ntchito yake. Ramakrishna ankafotokoza chiphunzitso chonena za kuchitira chifundo zamoyo, kenaka anadzidula yekha n'kufunsa kuti munthu ndi ndani kuti achitire mnzake chifundo. Choyenera, iye anatero, ndi kutumikira munthu pozindikira kuti mwa iye muli Shiva, Mulungu mwini. Ena amene analipo sanazitengere kumtima. Naren anatuluka n'kuuza anzake kuti wamva chinthu chachikulu, ndipo tsiku lina adzachilengeza ponseponse. Kusiyana kwake n'koonekeratu kwa aliyense amene anaimapo pamzere wolandira thandizo. Wochita chifundo amaima pamwamba n'kuponyera pansi. Wotumikira ndiye amagwada, ndipo wothokoza amakhala iyeyo, poti wapatsidwa mwayi.

Ramakrishna anamwalira ndi khansa yapakhosi pa 16 Ogasiti 1886 ku Cossipore. Anyamata amene ankamudwazika anasonkhana m'nyumba ina yakutha ku Baranagar, Naren akuwatsogolera, n'kulumbira kukhala amonke: osakwatira, opanda chuma, ovala nsalu zachikasu chofiirira. Chakudya chawo nthawi zambiri chinali mpunga, mchere ndi masamba owiritsa. Kuyambira mu 1888 Naren anayamba kuchoka pa gululo n'kumayenda yekha, atanyamula ndodo, kachikho ka madzi ndi mabuku awiri: Bhagavad Gita ndi buku lachikhristu la Thomas à Kempis lonena za kutsanzira Khristu.

Maulendo amenewa, amene anatenga zaka pafupifupi zisanu, ndiwo anali sukulu yake yeniyeni. Anagona m'nyumba za mafumu ku Khetri ndi Mysore, n'kugonanso m'zisakasa za anthu osauka. India wa masiku amenewo anali dziko lopsinjika: njala ya 1876 mpaka 1878 inali itapha anthu mamiliyoni, alimi anali m'ngongole, ndipo ana ambiri akumudzi sankadziwa khomo la sukulu. Pamwamba pa izi panali dongosolo lakale logawa anthu m'magulu potengera kubadwa, ansembe Achibrahmin pamwamba, ndipo pansi penipeni anthu osesa ndi osenda zikopa, amene ena ankakana ngakhale kuwakhudza.

Tsankho limeneli analipeza mwa iye mwini. Tsiku lina pa msewu wopita ku Vrindavan anaona bambo wina akusuta fodya m'kaliwo kadothi, ndipo anapempha kuti akokeko. Bamboyo anabwerera m'mbuyo n'kunena kuti iye ndi wosesa. Naren anangopitirira. Atayenda pang'ono anaima, manyazi atamugwira: iye amene analumbira kusiya gulu, dzina ndi ulemu wa banja, wathawa kaliwo ka wosesa! Anabwerera, n'kumuumiriza bamboyo kuti amutsirire fodya, ndipo anasuta. Nkhaniyi ankaisimba yekha pambuyo pake, posonyeza mmene tsankho limazikira mizu ngakhale mwa munthu amene amalitsutsa ndi pakamwa.

Kumapeto kwa 1892 anafika ku Kanyakumari, kunsonga ya kumwera kwa India, ndipo anasambira kupita pa thanthwe lina la m'nyanja kukasinkhasinkha. M'kalata imene analemba pambuyo pake anafotokoza zimene anatsimikiza kumeneko. India ali ndi amonke ochuluka oyendayenda ophunzitsa anthu zakuya zauzimu, pamene anthuwo m'mimba muli mbee. Bwanji amonke omwewo osamayenda mudzi ndi mudzi atanyamula mapu ndi zida zophunzitsira, kuphunzitsa ngakhale onyozeka kwambiri? Ndalama za ntchito yotere kwawo sanazipeze, choncho anaganiza zokazifuna kunja. Achinyamata a ku Madras, motsogozedwa ndi mphunzitsi wina dzina lake Alasinga Perumal, anasonkha ndalama khomo ndi khomo, ndipo mfumu ya ku Khetri, Ajit Singh, inathandizapo. Ananyamuka pa sitima yapamadzi ku Bombay pa 31 Meyi 1893 ali ndi dzina latsopano, Vivekananda.

Anafika ku Chicago kumapeto kwa Julayi n'kupeza kuti msonkhano wa zipembedzo za padziko lonse umene anadzera uyamba mu Sepitembala, kalembera wa nthumwi anatsekedwa kale, ndipo iye alibe kalata ya bungwe lililonse. Ndalama zikutha, anapita ku Boston kumene moyo unali wotsikirapo mtengo. Kumeneko anakumana ndi Pulofesa John Henry Wright wa ku Harvard, amene anachita naye chidwi n'kumulembera kalata yomudziwitsa kwa okonza msonkhano. Pobwerera ku Chicago anataya adiresi, ndipo usiku umenewo anagona m'bogi yonyamula katundu pa siteshoni. M'mawa mwake, atatopa ndi kupitikitsidwa pamakomo, anakhala pansi m'mbali mwa msewu. Mayi wina wa m'nyumba yapafupi, Mayi Hale, anamuona ndi nduwira yakeyo, anamulowetsa m'nyumba, n'kumuperekeza ku ofesi ya msonkhano.

Pa 11 Sepitembala 1893, ali ndi zaka 30, anaimirira pamaso pa khamu la anthu masauzande n'kuwatchula kuti alongo ndi abale ake. Holo yonse inaomba m'manja kwa nthawi yaitali. Mawu ake tsiku limenelo anali ochepa: kuti zipembedzo ndi njira zosiyana zopita kwa Mulungu mmodzi, ndi kuti kuumirira kuti njira yanga yokha ndiyo yoona kwakhetsa mwazi wambiri padziko. Izi n'zimene zimakumbukiridwa. Zimene anayankhula pa 20 Sepitembala sizitchulidwa kawirikawiri. Anauza Akhristu a ku America kuti amatumiza amishoni kukapulumutsa miyoyo ya Amwenye n'kumanga matchalitchi, pamene chosowa chachikulu ku India si chipembedzo koma chakudya, ndipo kupatsa munthu wanjala chiphunzitso m'malo mwa chakudya n'kumunyoza.

Ndalama zimene ankayembekezera sizinabwere mochuluka. Chimene anthu a kumeneko ankafuna kwa iye chinali chiphunzitso, ndipo anachipereka kwa zaka zitatu ndi miyezi ingapo. Anayambitsa Vedanta Society ku New York mu 1894, anaphunzitsa ku London mu 1895 ndi 1896, anacheza ndi katswiri wa Chisanskrit Max Müller ku Oxford, ndipo mu 1896 anatulutsa buku lotchedwa Raja Yoga. Zambiri mwa zokamba zake tili nazo lero chifukwa cha Mngerezi wina wachinyamata, J. J. Goodwin, amene analembedwa ntchito yolemba zokambazo mwachangu, kenaka anasiya kulandira malipiro n'kukhala wophunzira wake.

Phata la chiphunzitsocho ndi Advaita Vedanta, nzeru yakale yochokera m'mabuku a Upanishad, imene mphunzitsi Shankara anaifotokoza zaka zoposa chikwi zapitazo. Imati chenicheni chosatha n'chimodzi chokha, Brahman, ndipo mzimu wa mkati mwa munthu, Atman, sunasiyane nacho. Chimene chimatisokoneza ndi umbuli. Pofotokoza izi Vivekananda ankakonda nthano ya mwana wa mkango amene anakulira pakati pa nkhosa, akudya udzu ndi kulira ngati nkhosa, mpaka mkango wina unamukokera padziwe n'kumuonetsa nkhope yake m'madzi. Chipembedzo, kwa iye, chinali kudzutsa umulungu umene uli kale mwa munthu. N'chifukwa chake ankadana ndi ulaliki wokhalira kuuza anthu kuti ndi ochimwa ndi ofooka. Pamenepa Mkhristu kapena Msilamu sangagwirizane naye, popeza kwa iwo Mlengi ndi cholengedwa sangakhale chinthu chimodzi, ndipo kusiyana kumeneku n'kwenikweni, sikofunika kukuphimba. Koma ganizirani mmene mawu otere anamvekera kwa anthu amene atsamunda ankawauza kuti ndi mtundu wotsalira, ndiponso kwa wosesa amene ansembe akwawo ankamuuza kuti anabadwa wodetsedwa.

Anaphunzitsanso kuti anthu mitima yawo njosiyana, choncho njira zofikira kwa Mulungu sizingakhale imodzi. Pali ya chikondi ndi kupembedza, bhakti. Ya kufufuza ndi nzeru, jnana. Ya kulamulira maganizo posinkhasinkha, raja. Ndi ya kugwira ntchito mosayembekezera mphotho, karma. Mfundo zimenezi sanazipeke iye, zili m'mabuku akale. Chatsopano chinali choti anaikweza njira ya ntchito kufika poti kusambitsa wodwala kukhale kupembedza kofanana ndi kukhala m'phanga la ku Himalaya. Osauka ankawatcha Daridra Narayana, Mulungu wooneka mwa munthu wosauka.

Atafika ku Colombo pa 15 Januwale 1897, anthu anamulandira ngati ngwazi, ndipo atawolokera ku India mfumu ya ku Ramnad inakoka nawo ngolo yake ndi manja. Iye sanawanyengerere. Kunja ankateteza Chihindu, koma kwawo anachidzudzula mosapsatira. Anati chipembedzo chawo chathawira kukhitchini, Mulungu wawo wasanduka mphika, ndipo lamulo lawo lalikulu ndi lakuti usandikhudze. Anati tchimo lalikulu la dziko lawo ndi kutaya anthu wamba ndi kupondereza akazi. Anyamata ofooka matupi anawauza kuti ayambe asewera mpira, ndipo Gita adzaimvetsa bwino minofu italimba. Nawo osunga mwambo sanamusiye: ankati si Mbrahmin, wawoloka nyanja, wadya ndi azungu, ndiye sangakhale mmonke woona.

Pa 1 Meyi 1897 anakhazikitsa Ramakrishna Mission. Kutsutsa kowawa kwambiri kunachokera m'nyumba momwe. Ena mwa amonke anzake anafunsa ngati Ramakrishna anaphunzitsapo za mabungwe, zipatala ndi masukulu. Kwa iwo izi zinali zachizungu, zosokoneza munthu wofuna Mulungu. Vivekananda anawayankha mokwiya, misozi ili m'maso, kuti iye sasamala za chipulumutso chake ngati anthu akwawo akufa ndi njala ndi umbuli. Mfundo yake inapambana, ndipo cholinga cha gululo chinakhala paziwiri: kumasulidwa kwa mwini ndi ubwino wa dziko.

Ntchito inayamba chaka chomwecho. Mmonke mnzake, Swami Akhandananda, anapeza njala m'boma la Murshidabad n'kuyamba kugawa mpunga, kenaka anatsegula nyumba ya ana amasiye. Mliri wofala ndi makoswe utagwa mu Calcutta mu 1898, anthu akuthawa mumzinda, Vivekananda anabwera kuchokera ku Darjeeling kumene ankapuma chifukwa chodwala. Atafunsidwa kumene ndalama zichokere, anati ngati n'kofunika agulitsa malo a ku Belur amene anali atangogulidwa kumene kuti pakhale likulu la amonke. Sizinafike pamenepo, poti anthu anasonkha. Mliri utabwereranso mu 1899, Swami Sadananda ndi Margaret Noble, mphunzitsi wa ku Ireland amene anatsatira Vivekananda kuchokera ku London n'kupatsidwa dzina loti Nivedita, anatsogolera anyamata kuyeretsa ngalande ndi tinjira ta m'makomboni. M'dziko limene kusesa zonyansa inali ntchito ya anthu osakhudzidwa, kuona mmonke ndi tsache m'manja kunali ulaliki woposa wa ku Chicago. Nivedita yemweyo anali atatsegula sukulu ya atsikana ku Bagbazar mu Novembala 1898, mwambo wake utadalitsidwa ndi Sarada Devi, mkazi wamasiye wa Ramakrishna.

Sitingamulemekeze moona titabisa pamene anaperewera. Anadana ndi tsankho lokana kukhudza anthu, ndipo mu 1898 anaveka anthu osakhala Abrahmin ulusi wopatulika umene ankamanidwa. Koma dongosolo la magulu lenilenilo sanalikane kotheratu. Nthawi zina ankaliteteza kuti poyamba linali kugawana ntchito chabe, ndipo ankati njira ndi kukweza apansi, osati kugwetsa apamwamba. Anthu ambiri a m'magulu oponderezedwa anaona kuti izi n'zosakwanira. Mtsogoleri wawo wamkulu, B. R. Ambedkar, anafika potuluka m'Chihindu n'kulowa Chibuda mu 1956, ndipo pa nkhani imeneyi Ambedkar anaona patali kuposa Vivekananda. Palinso mkangano wa masiku ano. Magulu andale ofuna kuti India akhale dziko la Ahindu amanyamula chithunzi chake, n'kumatchula mawu ake onena za mphamvu ndi kunyadira Chihindu. Mawuwo ananenadi. Koma munthu yemweyo mu 1898 analembera mnzake Msilamu kuti pa nkhani yoona anthu onse mofanana m'moyo wa tsiku ndi tsiku Chisilamu chinapita patsogolo, ndipo tsogolo la India lagona pa kulumikizana kwa zipembedzo ziwirizo. Womugwiritsa ntchito podana ndi Asilamu ayenera kuyamba wang'amba kalata imeneyo.

Thupi linamuthera msanga. Matenda a shuga, mphumu ndi kusowa tulo zinamufooketsa, ndipo ulendo wachiwiri wa ku America ndi ku Ulaya, kuyambira 1899 mpaka 1900, sunamuchiritse. Miyezi yake yomaliza anakhala ku Belur Math, akuweta mbuzi ndi abakha, ndi kucheza ndi anthu a mtundu wa Santal amene ankagwira ganyu yosalaza malowo. Tsiku lina anawakonzera phwando. Iwo anaopa kuti akadya chakudya chothira mchere chophikidwa ndi anthu a gulu lina adzasalidwa kwawo, choncho analamula kuti ziphikidwe zopanda mchere, n'kuwayang'anira yekha mpaka atakhuta. Pa 4 Julayi 1902 anaphunzitsa amonke achinyamata galamala ya Chisanskrit, madzulo anawongola miyendo ndi mnzake, n'kulowa m'chipinda kukasinkhasinkha. Anamwalira usiku womwewo ali ndi zaka 39.

Mahatma Gandhi atafika ku Belur mu 1921 ananena kuti zolemba za Vivekananda zinamuwonjezera chikondi cha dziko lake, ndipo Subhas Chandra Bose, mtsogoleri wina womenyera ufulu wa India, ankamutenga ngati mphunzitsi wake wauzimu. Jamsetji Tata, wamalonda amene anakwera naye sitima imodzi kuchokera ku Japan mu 1893, anamulembera mu 1898 za ganizo lake la sukulu ya kafukufuku wa sayansi, imene inadzakhazikitsidwa ku Bangalore mu 1909. Pa thanthwe la ku Kanyakumari anamangapo chikumbutso mu 1970, ndipo kuyambira 1985 India amasunga 12 Januwale ngati tsiku la achinyamata. Mamiliyoni amene amachita yoga lero ku Ulaya ndi ku America anadzera pa khomo limene iye anatsegula, ngakhale kuti yoga yake inali yolamulira maganizo, osati yopinda thupi.

Gulu lake lili ndi nthambi zoposa 200, zoyendetsa zipatala, masukulu, makoleji ndi ntchito yothandiza pa ngozi za kusefukira kwa madzi ndi mphepo zamkuntho. Kuno ku Africa zina zili ku Durban, ku Lusaka ndi ku Mauritius. Chinthu chimodzi chimene anachifunitsitsa koma sanachione ndi nyumba ya amonke achikazi yodziimira payokha, popeza ankati mavuto a akazi adzathetsedwa ndi akazi eni akaphunzira, amuna asalowererepo. Sri Sarada Math inatsegulidwa mu 1954, patapita zaka 52 iye atamwalira, ndipo kuyambira 1959 chuma chake, masukulu ake ndi malamulo ake onse ali m'manja mwa akazi okhaokha.